Nyimbo Imene Tikhala Anaimba ku Manda

Chakudza sichiimba ng'oma, anatero akale, koma chimene chinamudzera Tikhala Loweruka m'mawa chinabwera ndi kiyibodi ndi sipika yomwe. Anali akuchapa kuseri kwa nyumba yawo ku Ntchema pamene anamva mawu akeake akuimba pakhonde. Mawu ake enieni, abale inu, ndipo pansi pa mawuwo pankalira chida chimene pakhomo pa bambo Mathero sichinkaloledwa ngakhale pa wailesi. Sopo anamupulumuka m'manja.

"Tikhala!" anaitana bambo ake. "Tabwera kuno."

Anapukuta manja pachitenje n'kukagwada chapatali pang'ono. Bambo Mathero anali pampando wawo wa ndalema, foni ili m'manja, nkhope ili gwa. Munthuyu anali mkulu wa mpingo wa Njira Yakale kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, mpingo woimba ndi pakamwa pokha. Ng'oma ayi, gitala ayi, chisekese ayi, ngakhale kuomba m'manja kumene ayi. Anthu a mipingo ina ankawaseka kuti ndi a tchalitchi cha pakamwa, koma iwo analibe nazo ntchito. Ankati Mulungu anapempha mtima ndi milomo, zina zonsezo n'zowonjezera za anthu.

"Uyu akuimba apayu ndani?" anafunsa akumulozera foniyo.

Panalibe chokana. Lachinayi lapitalo ku Magomero anaika m'manda mayi Margret, amayi ake a Gladson, mnyamata amene Tikhala ankayembekezera kuchita naye chinkhoswe pakatha milungu itatu. Gladson ndiye ankaimba kiyibodi kumpingo wa kwawoko, ndipo mayi ake asanatsirizike anamuuza kuti powaperekeza adzaimbe yekha, asadzapatse wina. Anayesetsa mwana wamwamuna. Anaika batire pansi, kiyibodi pabenchi, zala zikuyenda misozi ikugwera pamabatani. Koma bokosi litangoyamba kutsika, Mervis, mtsikana wotsogolera kwaya, anatsamwa, nyimbo n'kuduka pakati. Kwaya yonse inangoti zii. Kunatsala kiyibodi yokha ikulira, Gladson akubwerezabwereza poyambira, akuyang'ana uku ndi uku kuti wina amuthandize. Tikhala sanaganize kawiri. Anaimirira pakati pa azimayi n'kuitola nyimboyo, ndipo khamu lonse linamutsatira mpaka adzukulu anamaliza kukwirira.

Amene anajambula sanadziwike. Maliro a masiku ano mafoni amachuluka kuposa makasu.

"Ababa, anali maliro," anatero Tikhala. "Sitinali m'tchalitchi."

"Unkaimbira ndani? Adzukulu?"

"Ndinkaimbira Mulungu."

"Ndiye wayankha wekha. Paliponse pamene munthu waimbira Mulungu, akupembedza. Mulungu wa kumanda si wina, ndi yemweyo wa m'tchalitchi." Bambo Mathero anaika foni pamwendo. "Nikodemo wotsogolera nyimbo uja ndi amene anabweretsa zimenezi kwa akulu dzulo. Tagwirizana kuti mawa, tisanadye mgonero, uimirire pamaso pa mpingo ulape. Ukakana, uli kunja. Ndipo ukakhala kunja iwe, inenso ukulu ndautula, chifukwa munthu wolephera kulongosola nyumba yake sangalongosole nyumba ya Mulungu."

"Ababa, chonde..."

"Anthu ayamba kale kunena kuti khoswe wakhala pamkhate. Ine ndemwe ndinaimiritsa ana a anzanga chifukwa cha gitala pa ukwati. Lero wanga ndimubise kumsana?" Kenako anatsitsa mawu. "Za ukwati wako ali ndi mawu ndi atsibweni ako, ine ndine mkamwini chabe pamudzi pano. Ndinalola mnyamata wakoyo mtima ukuwawa. Koma ukandichititsa manyazi mawa, kuchinkhosweko usakandiyembekezere. Sindikapondako."

Tikhala ankawakonda bambo akewa kwambiri, ndipo n'zimene zinapangitsa kuti nkhaniyi imupweteke chonchi. Ndi iwo anamuphunzitsa kuimba ali ndi zaka zisanu, akumugwira pamimba kuti adziwe kumene mpweya umachokera. Akanakhala munthu wankhanza bwenzi zili zosavuta. Koma atawayang'ana anaona kuti maso awo ali psuu, ndipo anadziwa kuti nawonso akhala akulira.

*

Anathawira kuchipinda n'kulembera Gladson uthenga.

"Ndikubwera kumeneko pompano. Pali nkhani."

Yankho silinachedwe. "Bwera wanga. Nyumba yadzaza anthu koma ndili ndekha."

Anakwera kabaza mpaka ku Magomero. Pakhomo pa maliro panali padakali achibale, azibambo pansi pa mtengo wa mango, azimayi pakhonde miyendo atatambasula. Ndipo amene ankayendayenda ndi ketulo akuthirira anthu tiyi ngati mpongozi wa pakhomopo anali Mervis. Ha! Munthu analephera kumaliza nyimbo imodzi kumanda, koma apa mphamvu zinali tho. Aliyense ku Magomero ankadziwa kuti Mervis wakhala akumufuna Gladson kuyambira ali kusekondale, ndipo Gladson ankamuona ngati mlongo wake basi.

"Eee, takulandirani achemwali oimba," anatero Mervis akumwetulira ndi mano okha. "Koma ndiye mwatchukatu. Kwanu kuja amalola zimenezi? Ine ndimayesa ngakhale foni ikalira m'thumba mumakalapa."

"Zikomo achemwali," anayankha Tikhala. "Anthu ena nyimbo ikawatsamwa pakhosi imakatulukira pafoni."

Mervis anangoti nkhope tsinya. Tikhala sanafunenso umboni wina woti vidiyo ija inachokera kwa Mervis. Anapereka moni kwa akuluakulu mwaulemu, n'kutsatira Gladson amene anamukodola ali kuseri kwa khola la mbuzi.

Anali atameta mpala monga amachitira anamfedwa, ndipo mutu wopanda tsitsiwo unamuonetsa ngati kamwana. Tikhala anafuna kumukumbatira, koma pamaliro pali maso ambiri. Anangomugwira chala chimodzi n'kumufotokozera zonse, kuyambira vidiyo mpaka mawu a bambo ake.

Gladson anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anachotsa chala chake pang'onopang'ono.

"Ukalape chiyani?"

"Kuti ndinaimba ndi kiyibodi."

"Pa maliro a amayi anga."

"Gladson, ndimvetse..."

"Ayi, ndikufuna ndimve bwino. Mawa ukaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti zimene tinachita poika amayi anga linali tchimo?" Mawu ake anali otsika koma ankatentha. "Ukudziwa kuti ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri amayi ankandinyamulira batire pamutu popita kutchalitchi? Mtunda wonse uja, mvula kaya dzuwa. Ankati mwana wanga Mulungu anamupatsa zala, ine anandipatsa khosi lonyamulira. Lero bambo ako akuti mayi ameneyo ankanyamula tchimo pamutu?"

"Sakunena za amayi. Akunena za ine, chifukwa ndine wa mpingo wawo."

"Malemba omwewo amene amawerenga iwowo, mulibe azeze? Mulibe malipenga ndi malingaka? Anthu a Mulungu sankaimba nazo?"

"Amati zimenezo n'za Chipangano Chakale, pamodzi ndi nsembe za nkhosa. Amati mpingo woyamba unkaimba ndi pakamwa, ndipo chimene sanalamule Mulungu munthu asawonjezere."

"Ndiye mabenchi anawalamula? Malata a padenga anawalamula?"

"Gladson, ine sindinabwere kudzapambana mtsutso!" Misozi inayamba kutsika. "Mtsutso umenewu unayamba ife tisanabadwe ndipo tidzausiya. Ine ndikukuuza kuti ababa atula ukulu chifukwa cha ine. Zaka makumi awiri ndi zinayi! Ukufuna ndilowe m'banja nditawapha ababa ali moyo? Ndilole ndingonena ndi pakamwa. Mtima wanga ukudziwa kuti sindinalakwe."

Gladson anaseka kuseka kowawa. "Si mpingo wanu womwewo umene umati pakamwa ndi mtima zikhale chimodzi?"

Tikhala anagwada pomwepo pafumbi la kukhola, osasamalanso kuti wina awaona.

"Ndikupempha. Ndilibe kwina kolowera."

Gladson anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Atayankhulanso, ukali unali utatha, kunatsala kutopa.

"Tsiku lija nyimbo itaduka, ndinkafuna nthaka indimeze. Nditamva mawu ako ndinati amayi apita bwino, wawaperekeza mwana wawo. Chinthu chokhacho chabwino chimene ndatsala nacho pa maliro onsewa ndi chimenecho, Tikhala. Ukachitcha tchimo, ndidzakuyang'ana bwanji m'nyumba? Sindingathe. Ndikukuuziratu, sindingathe."

"Ndiye sinditchula maliro," anatero Tikhala mofulumira. "Ndikangoti ndakhumudwitsa abale, andikhululukire. Zimenezo n'zoona, ndawakhumudwitsadi. Dzina la amayi silituluka pakamwa panga, ndipo nyimbo ija sindiitcha tchimo. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu."

"Akalola zimenezo?"

"Akalola. Bambo Jacob, mkulu mnzawo wa ababa, ndi munthu wachifundo. Akalola."

Gladson anamudzutsa n'kumusansa fumbi m'maondo. "Walumbira wekha, ine sindinakukakamize," anatero. Pamene ankabwerera pakhonde, Mervis anali ataima pakona pa nyumba akutsuka kapu imodzi yomwe inali yoyera kale.

*

Dzuwa litapendeka, wakabaza anamutsitsa pa mjigo wa kumudzi kwawo. Asanayende mapazi khumi anamva belu la njinga kumbuyo. Anali Nikodemo, wotsogolera nyimbo kumpingo kwawo, mwini kagolosale ku Boma, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Mawu oimbira anali nawo, zimenezo tisamunamizire. Anamufunsirapo Tikhala kawiri, ndipo kawiri konseko anabwerera chimanjamanja.

"Mlongo Tikhala, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera monga munafunira."

"Aaa, musatero. Ine ndinachita zija chifukwa chokonda moyo wanu. M'bale akaona mnzake akulowera kuphompho amakuwa."

"M'bale amayamba wabwera kwa mnzakeyo pawiri. Inu munathamangira kwa akulu. Vidiyo ija anakupatsani ndani?"

Nikodemo anakonza kolala. "Mlongo wina wa ku Magomero, woopa Mulungu."

"Woopa Mulungu wake woimba ndi kiyibodi Lamulungu lililonse? Pamenepo ndiye mwagwirizana chipembedzo?"

Nikodemo anatsika panjinga n'kuyamba kuyenda pambali pake. Anatsitsa mawu ngati wogulitsa katundu wakuba.

"Tamverani. Nkhaniyi ikhoza kuthera m'nyumba. Akulu amandimvera. Nditawauza kuti mlongoyu wazindikira kulakwa kwake ndipo wasiyana ndi chimene chinamugwetsa, sipangafunikenso zoimirira pagulu. Bambo anu apuma. Vuto si nyimbo imodzi ija, mlongo, vuto ndi mnyamatayo. Mukakwatiwa naye, ana anu adzakulira pa kiyibodi. Pamene pano pali anthu a chikhulupiriro chimodzi ndi inu, oti mawu anu ndi awo..."

"A Nikodemo," anamudula Tikhala ataima chilili, "ngakhale amuna onse a m'boma la Chiradzulu atatha n'kutsala inu nokha, ine ndingakakhale kwa atsibweni n'kumaweta nkhuku mpaka imvi. Mwamva?"

Amayi awiri amene ankachokera kumjigo anaphulika kuseka, madzi n'kutayikira m'mapewa. Nkhope ya Nikodemo inachita mdima. Anakwera njinga yake mosathamanga.

"Tionana mawa, mlongo," anatero.

Tikhala anamva kukoma kwa kanthawi kochepa. Asanafike pakhomo anazindikira kuti walakwitsa kwambiri.

*

Lamulungu m'mawa, mayi ake, anaBanda, anamupeza atakhala pabedi duku lili m'manja. Anamulanda dukulo n'kuyamba kumumanga okha, mokoka ngati akumulanga.

"Bambo ako sanadye kuyambira Lachisanu," anatero. "Mankhwala a BP akumwera m'mimba mopanda kanthu. Ukudziwa zimenezo?"

"Amayi, ine ndinalakwa chiyani kwenikweni? Inuyo mukanakhalapo mukanangoyang'ana?"

AnaBanda anamanga mfundo n'kukhala pambali pake.

"Ine usandifunse zimenezo. Kwathu ndinakulira mumpingo wa ng'oma, ndipo ndinkavina mpaka fumbi kobo. Ndinasiya chifukwa cha bambo akowa. Mpaka lero ukadzandiyang'ana mapazi kunsi kwa benchi udzawaona akugunda okha."

"Simunadandaulepo?"

"Lamulungu lililonse. Koma ndikadali pano, ndipo ndakuberekani anayi." Anamugwira chibwano n'kumutembenuza. "Ukuganiza kuti ukanyengerera mbali zonse ziwiri, eti? Ndakuona nkhope. Pawiripawiri sipauzirika, mwana wanga. Chimene ndikukupempha n'chimodzi: usandiphere mwamuna wanga pagulu."

Tikhala anafuna kunena kuti nayenso ali ndi mwamuna woti asamuphe, koma anangodzuka. Anatenga buku lake la nyimbo n'kutsatira mayi ake.

*

Tchalitchi chinadzaza kuposa masiku onse. Nkhani ya mwana wa mkulu inali itazungulira midzi, ndipo ngakhale anthu amene amangobwera pa Khirisimasi tsiku limenelo anakumbukira njira. Nikodemo anadzutsa nyimbo yoyamba, azimayi n'kuilandira, azibambo n'kulowa pansi ndi besi yogwedeza mabenchi. Anthu inu, asakunamizeni munthu kuti kuimba kopanda zida n'kozizira. Mawu mazana awiri atalukana popanda chowaphimba, tsitsi limaima. Tikhala ankakukonda kuimba kumeneku ndi mtima wake wonse, ndipo ankakondanso kumva zala za Gladson zikuthamanga pa kiyibodi. Sankamvetsa chifukwa chake Mulungu mmodzi angamupatse zonse ziwiri kenako n'kumuuza kuti asankhe.

Ulaliki utatha, bambo Jacob anaimirira pafupi ndi tebulo la mgonero lomwe linali lovundikiridwa ndi nsalu yoyera. Bambo Mathero anakhala pambali pawo, maso ali pansi.

"Abale, tisanayandikire gome la Ambuye, mlongo wathu Tikhala ali ndi mawu."

Tikhala anadzuka n'kupita kutsogolo. Sanayang'ane anthu. Anayang'ana simenti.

"Abale ndi alongo, ndaima pano kupepesa. Sabata yathayi ndinachita zinthu zimene zakhumudwitsa mpingo ndi kuchititsa manyazi makolo anga. Ndikupempha mundikhululukire ndipo mundipempherere."

Bambo Jacob anagwedeza mutu mokhutira. "Mwamva, abale. Mwana wadzichepetsa. Tiyeni tsopano..."

"Pepani akulu."

Anali Nikodemo, ataimirira buku la nyimbo lili pachifuwa.

"Ndikungofuna kuthandizidwa, mwina ndine mbuli. Mwambo wathu umati tchimo losatchulidwa dzina silinalapidwe. Chaka chatha mwana wa mayi Miriam anaima pomwepo, ndipo anauzidwa kuti atchule gitala, atchule ukwati umene anakaimbako, avomere ndi pakamwa pake kuti linali tchimo. Anamuuza zimenezo ndi bambo Mathero. Kodi mwambowu unasintha liti? Kapena pali wa ana a akulu ndi wa ana a anthu wamba?"

Tchalitchi chonse chinayamba kung'ung'udza. Kumbali ya azimayi, mayi Miriam ananena mokweza kuti, "Zoona zimenezo!" Bambo Jacob anayang'ana mnzawo mosowa chochita.

Bambo Mathero anaimirira atagwira m'mphepete mwa tebulo. Dzanja lawo linkanjenjemera mpaka timakapu ta mgonero tinayamba kugundana kunsi kwa nsalu. Milomo inali itayera.

"M'baleyu wanena zoona," anatero. Anatembenukira kwa mwana wawo, ndipo mawu amene anatuluka sanali a mkulu wa mpingo, anali a bambo wopempha. "Tchula, mwana wanga. Chonde tchula."

Tikhala anawayang'ana. Anaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, anaona bondo limodzi likugwedera. Anayang'ana kwa mayi ake, ndipo anaBanda anali ataphimba kukamwa ndi manja onse awiri. Anakumbukira lumbiro lake la kukhola. Anadziuza kuti Magomero ndi kutali, kuti adzamufotokozera Gladson bwinobwino, kuti adzamugwadira mpaka amve. Munthu akapanikizika amadzinamiza msanga.

"Lachinayi," anayamba, "ndinaimba nyimbo ya Mulungu motsatira kiyibodi."

"Kuti?" anafunsa Nikodemo.

"Ku Magomero. Pa maliro a mayi Margret."

"Ndipo mukuti chimenecho chinali chiyani, mlongo?"

Bambo Mathero anatseka maso. Tikhala anayankha.

"Linali tchimo."

"Ameni!" unayankha mpingo.

"Gwadani, mwana wanga, tikupempherereni kuti mubwerere pagome," anatero bambo Jacob mwachifundo.

Apa m'pamene Tikhala anadzutsa mutu koyamba. Pabenchi yomalizira, pafupi ndi chitseko, munthu wina wometa mpala, wovala jekete yakuda, ankaimirira pang'onopang'ono. Anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kutuluka.

"Gladson!"

Dzinalo linamveka tchalitchi chonse. Tikhala sanagwade. Anathamanga pakati pa mabenchi, duku n'kugwera pansi, mayi ake akukuwa kumbuyo kuti, "Tikhala, bwerera! Pemphero!"

*

Anamupeza pamsewu akukodola wakabaza wa njinga yamoto. Anamugwira jekete ndi manja awiri.

"Gladson, ima! Unabwera liti? Bwanji sunandiuze?"

"Ndinalowa nthawi ya ulaliki." Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinamuopsa Tikhala kuposa kukalipa. "Dzulo utachoka ndinaganiza kwambiri. Ndinati mtsikanayu akuvutika chifukwa cha ine, ndipite ndikaime naye. Ndimafuna mapemphero akatha ndipemphe kuonana ndi akulu anu, ndiwauze kuti mlanduwu andipatse ine. Ndinali wokonzeka kuwauza bambo ako kuti tikakwatirana kiyibodi sidzalowa m'nyumba mwathu, idzikhala kutchalitchi. Mpaka pamenepo ndinafika, Tikhala."

"Ndiye tiye tikawauze! Tiye pompano!"

"Ndikawauze chiyani? Wanena kale zonse."

"Anandipanikiza! Unaona wekha, ababa akanagwa pompaja. Ndikanatani ine? Tandiuza, ndikanatani?"

"Sindikudziwa," anatero Gladson, misozi ikutsika osaipukuta. "Mwina inenso ndikanatero. Koma ndamva ndi makutu anga dzina la amayi anga likutchulidwa, mawu akuti tchimo n'kubwera pambuyo pake, anthu mazana awiri n'kuvomera kuti ameni. Dothi la pamanda awo silinaume n'komwe. Ndipo pakamwa pamene patuluka zimenezo ndi pomwe panalumbira dzulo."

Tikhala anagwada pamsewu, miyala ikumulasa m'maondo. "Ndimenye, nditukwane, koma usapite. Ndimakukonda, Gladson. Ndilibe wina."

"Inenso ndimakukonda, n'chifukwa chake zikuwawa chonchi." Anamasula zala zake pajekete chimodzichimodzi. "Atsibweni anga abwera kudzaonana ndi atsibweni ako. Za chinkhoswe ziyambe zaima."

"Ziime mpaka liti?"

Gladson anatembenuka. Anakwera njinga, wakabaza n'kuiliza, fumbi n'kumuphimba Tikhala kumaso. Anaiyang'ana mpaka inakhota pa chigayo.

Anadzuka n'kubwerera kutchalitchi akudzandira, akudziuza kuti mbali imodzi yokha ndiye waipulumutsa. Koma atafika anapeza chitseko chili chotseka. Ku Njira Yakale amatseka chitseko nthawi ya mgonero, ndipo wolapa amene watuluka asanamupempherere amatengedwa kuti wabweza kulapa kwake. Tikhala ankaudziwa mwambowu kuyambira ali mwana, kungoti pothamanga paja mutu sunagwire.

Anagogoda. Anagogodanso mwamphamvu. Mayi wina wokhala pafupi ndi windo anasuzumira n'kunong'ona.

"Usagogode, mwanawe. Atseka ndi bambo ako, ndi manja awo."

Tikhala anakakamira pawindopo. Anaona bambo ake ataima kutsogolo, osati kuseri kwa tebulo kumene amaima akulu, koma pamalo pomwe anaima iye paja. Anali atavula jekete n'kuipinda pamkono.

"Abale," anatero bambo Mathero, "mwaona nokha mmene nyumba yanga ilili. Mgonero wa lero agawe bambo Jacob. Kuyambira lero musanditchulenso mkulu."

Anayenda pang'onopang'ono kudutsa mabenchi onse mpaka kumbuyo, n'kukhala pansi pakati pa anyamata.